Zinthu zimene sitimazijambula

Pali chithunzi china chakalekale cha msewu wa ku Paris wotchedwa Boulevard du Temple, anachijambula ndi Louis Daguerre, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kujambula ndi kamera, mu 1838 ali pawindo la nyumba yosanja. Mukachiona koyamba mudabwa chifukwa msewu wonse uli zii, mulibe ngolo, mulibe mahatchi, mulibe anthu, pali nyumba ndi mitengo basi. Chikhalirecho umenewu unali msewu wa piringupiringu, anthu kupita uku ena kubwera uku tsiku lonse. Nkhani yake ndi yoti kamera za nthawi imeneyo zinkafuna mphindi zingapo kuti kuwala kulowe mokwanira, ndiye chilichonse choyenda chinkangodutsa osasiya ndi kachizindikiro komwe. Koma mukayang'anitsitsa pakona, m'munsi chakumanzere, pali bambo wina waima, mwendo umodzi ali wautukula, akupukutitsa nsapato. Iyeyo anaoneka chifukwa anaima malo amodzi nthawi yokwanira. Ambiri amati ameneyu, pamodzi ndi womupukuta nsapatoyo, ndi anthu oyamba kuoneka pa chithunzi cha kamera. Dzina lake palibe analilemba, ndipo mwina mwini wakeyo sankadziwa kuti kumtunda kuja kuli munthu akujambula.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti sanali mfumu, sanali pa mwambo uliwonse, sanakonzekere. Ankangopanga kanthu wamba kamene munthu amapanga n'kuiwala pofika madzulo. Ngakhale chithunzi chakale kuposa chimenechi chimene chilipobe, cha Nicéphore Niépce cha m'ma 1826 kapena 1827, sichionetsa chinthu chachikulu ayi, ndi madenga ndi makoma amene iye ankawaona tsiku ndi tsiku pawindo la nyumba yake ku Le Gras, ku France. Kamera inakhala pawindopo maola osachepera 8, mpaka dzuwa likuoneka kuti lawala mbali zonse ziwiri za nyumbazo, kum'mawa ndi kumadzulo komwe. Ndiye kujambula kunayamba ndi zinthu za pawindo, zinthu zoti munthu wazizolowera. Ife lero tili ndi kamera m'thumba nthawi zonse koma zimenezo ndi zimene timazidumpha.

Tsegulani foni yanu muone. Muli masiku akuluakulu okhaokha, tsiku lomaliza sukulu, tsiku la ukwati, tsiku lobadwa, ulendo uja munapita kutali, ndiye pamwamba pake masikirinishoti ambirimbiri oti simudzawatsegulanso. Nanga chipinda chimene mumagona chilimo? Osati chitakonzedwa kuti alendo akubwera ayi, koma mmene chimakhalira Lachiwiri m'mawa, nsapato ili apa inzake ili uko, buku lili chafufumimba pampando, tchaja ili lende pakhoma. Nanga njira imene mumadutsa popita kuntchito? Nanga manja a bambo anu akukonza chinachake? Sitijambula zimenezi chifukwa timaona ngati zidzakhalapo mpaka kalekale, ndipo n'zimene zimasowa mwakachetechete, osatsanzika.

Ndili ndi chithunzi cha mayi anga ali mtsikana. Anaima mowongoka, manja ali m'mbali, nkhope yosamwetulira ngati mmene anthu ankaimira akadziwa kuti filimu ndi yochepa. Zaka zonse ndinkangoona nkhope yawo basi. Koma masiku ano maso anga amathawira kumbuyo kwawo. Pali kawayilesi pa shelefu, mlongoti wake wopindika pang'ono kunsonga. Pali kalendala imene manambala ake sawerengeka koma mwezi ukuoneka kuti unali wa masiku 31. Pali katani yamaluwa imene mbali imodzi inachoka pa waya n'kulendewera. Ndiye kumphepete kwenikweni kwa chithunzicho kuli dzanja la munthu wina, dzanja lokha, zala zinayi zitagwira chitseko, mwini wake anadulidwa. Wojambula uja sankafuna wayilesi, sankafuna katani, dzanjalo mwina analiona atatsuka kale n'kudandaula kuti laononga chithunzi. Koma nyumba imeneyo kulibenso, ndipo umboni woti munali katani yamaluwa ndi umenewu wokha. Nditawafunsa mayi za dzanjalo anakhala chete kaye, kenako anaseka n'kutchula dzina la munthu amene ine sindinamuonepo, ndipo nkhani imene inatuluka pamenepo inatenga madzulo onse, ya mmene munthuyo ankayimbira akamasesa, mmene ankabisira makalata ake pansi pa matiresi. Zonsezo zinali m'zala zinayi.

Anthu akale sankajambula zambiri, osati chifukwa chosafuna koma zinali zovuta. George Eastman atatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, inkabwera ndi filimu ya zithunzi 100 ili m'kati kale, ukamaliza unkatumiza kamera yonseyo ku Rochester, ku America, kuti akatsuke, n'kukubwezera zithunzi zako pamodzi ndi kamera ataikamo filimu ina. Kenako kunabwera mafilimu aja ambiri timawakumbuka, a zithunzi 24 kapena 36, oti usanadine unkayamba waganiza kaye, ndipo zotsatira zake unkaziona patapita masiku. Seydou Keïta, wojambula wa ku Mali amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, nthawi zambiri ankajambula munthu kamodzi kokha basi, osabwereza. Ndiye taonani zithunzi zakezo mmene zilili, mayi atakhala motsamira, nsalu ya chovala chake ikulimbana ndi nsalu yakumbuyo koma zonse n'kugwirizana, mnyamata atagwira wayilesi kapena ataima pambali pa njinga yamoto, zala zitaikidwa pamalo pake penipeni. Munthu wodina kamodzi amayamba wayang'ana nthawi yaitali, amakonza phewa, amadikira kuwala, amacheza ndi munthuyo mpaka nkhope imasuke.

Mu 1975 injiniya wina wa ku Kodak komweko, Steven Sasson, anapanga kamera yoyamba ya digito, chinthu cholemera makilogalamu oposa 3, ndipo chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera chinkatenga masekondi 23 kuti chilembedwe pa kaseti. Kuchoka pamenepo kufika pano, pamene mwana wa zaka zitatu amatha kudina kakhumi pa sekondi zochepa, si nthawi yaitali kwenikweni.

Sindikunena kuti zakale ndiye zinali bwino ayi, ine foni ndimaikonda ndipo ndimayamikira kuti lero munthu aliyense angathe kukhala ndi chithunzi cha mwana wake wakhanda, chinthu chimene makolo ambiri akale sanachipeze. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Katswiri wina wa zamaganizo, Linda Henkel wa ku Fairfield University, anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2013. Anatenga ophunzira n'kupita nawo kumalo osungirako zaluso, zinthu zina anawauza kuti angoziyang'ana, zina azijambule. Tsiku lotsatira atawafunsa, zimene anajambula zija ankazikumbuka mochepa kuyerekeza ndi zimene anangoziona ndi maso. Zili ngati mutu umati poti kamera yasunga, ine ndipume. Koma mbali imene anthu ambiri saitchula pa kafukufuku ameneyu ndi imene ine ndimaikonda kwambiri: pamene ophunzirawo anauzidwa kuti akoke zumu ajambule kachigawo kamodzi ka chinthucho, ankachikumbuka bwinobwino, ngakhale mbali zimene sizinalowe m'chithunzi. Ndiye vuto si kamera. Vuto ndi kudina usanaone. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kusankha kachigawo kamodzi koti ujambule kumakukakamiza kudekha, ufune usafune.

Ojambula pamanja izi amazidziwa kalekale. Johannes Vermeer, wojambula ndi penti wa ku Delft ku Netherlands, anamwalira mu 1675 ali ndi zaka 43, ndipo zojambula zake zimene zikudziwika ndi pafupifupi 35 zokha. Zambiri mwa izo ndi za m'chipinda, windo lili kumanzere, mkazi akuwerenga kalata, wina akuluka, wina akuthira mkaka m'mbale. Chojambula cha mkaka chija chili ku Rijksmuseum, malo osungirako zaluso ku Amsterdam, ndipo pa intaneti mungathe kuchikulitsa mpaka kuona timadontho ta penti. Chikulitseni mupite pakhoma kumbuyo kwa mayiyo. Khomalo ndi loyera, lopanda kanthu, koma Vermeer anaikapo msomali, ndi kamthunzi kake komwe, ndiponso timabowo pamene panali misomali ina kale. Pawindo pali kagalasi kamodzi kosweka. Tangoganizani munthu kukhala pansi n'kusakaniza penti, nthawi imene penti ankachita kupera yekha, kuti ajambule bowo la msomali. Ine zimenezi zimandiuza kuti munthu ameneyu ankalemekeza chipindacho ndi wantchito amene anali m'menemo, sanaone kuti ndi zazing'ono moti n'kuzidumpha.

Ngati simunayeserepo, tengani pensulo ndi pepala mujambule kapu imene mumamwera tsiku lililonse. Musavutike kuti zioneka bwanji, palibe amene akuchongeni. Pakangotha mphindi zisanu muyamba kuona zinthu zoti simunazionepo pa kapu yanu yomwe, kuti chogwirira chake chinapendekeka pang'ono, kuti kukamwa kwake mukakuonera cham'mbali sikozungulira koma kophwatalala, kuti mthunzi wake uli ndi mbali yakuda kwambiri pafupi ndi tsinde kenako n'kumapepuka, kuti pali kamng'alu kopyapyala kotsika kuchokera m'mphepete. Dzanja limachedwa kuposa diso, ndiye diso limakakamizika kudikira dzanja. Ine ndikajambula chinthu pamanja, ngakhale pepalalo litatayika, chinthucho chimakhalabe m'mutu zaka.

Pali funso lina limene limandivuta, loti kodi timajambulira ndani. Masiku ano chithunzi chisanazizire n'komwe chapita kale pa sitetasi, ndiye munthu umayamba kusuzumira kuti aona angati, alaika angati, ndipo pang'ono ndi pang'ono umayamba kujambula zokhazo zimene ukudziwa kuti anthu azikonda. Katani yolendewera palibe angailaike. N'chifukwa chake nkhani ya Vivian Maier imandikhudza. Mayi ameneyu anabadwa mu 1926 ku New York, anagwira ntchito yolera ana a eni kwa zaka pafupifupi 40, makamaka ku Chicago, ndipo akamayenda ndi anawo mumsewu ankakhala ndi kamera ya Rolleiflex pakhosi, ija umaigwira pamimba n'kumayang'ana pansi pojambula, moti anthu sankazindikira msanga kuti akujambulidwa. Anasiya manegetivu oposa 100,000, ndipo mafilimu ambirimbiri sanawatsukitse n'komwe, kutanthauza kuti zithunzi zambiri zimene anajambula iye mwini sanazione. Katundu wake anagulitsidwa pa okushoni mu 2007 atalephera kulipira malo osungirako, iye n'kumwalira mu 2009 dziko lisanayambe kumutchula. Munthu wojambula zaka zonsezo popanda womuombera m'manja, chinkamuyendetsa n'chiyani? Ine ndimakhulupirira kuti kwa iye mphindi ija yoona, yoima n'kunena kuti ichi ndachiona, inali yokwanira payokha.

Komabe sindibisa, nkhani imeneyi ili ndi mbali imene imandiwawa. Mayiyu anali munthu wosunga zinsinsi zake, sanapemphe kuti zithunzi zake zikapachikidwe m'maholo a mayiko ambiri, ena ndi amene anasankha zoti zioneke ndi zoti zisaoneke iye atapita. Ndimasangalala kuti ndinaziona, koma sindinganene kuti zinayenda mwachilungamo kwathunthu. Chimodzimodzinso anthu amene timawajambula mumsewu. Munthu wovutika, wodwala, wogona panja, si chokongoletsera tsamba langa. Ngati sindingathe kumuyandikira, kumupatsa moni n'kumupempha, ndiye kuti chithunzicho si changa choti nditenge. Zinthu wamba zimene ndikunena pano ndi za moyo wako iwe mwini ndi anthu ako, amene ukawaonetsa chithunzicho akhoza kukuuza kuti ayi fufuta, iwe n'kufufuta.

Ndiye pali zina zoti kamera ngakhale itakhala yodula bwanji singazigwire. Mmene munthu amakuitanira dzina lako, mwina amalidula pakati, mwina amalikoka kumapeto. Mawu amene amakonda kuyamba nawo akafuna kukudzudzula. Fungo la chipinda chimene chakhala chotseka sabata yonse. Zimene unkaganiza uli pa mzere kudikira. Apa ndi pamene kulemba kumalowera, ndipo sindikunena kulemba buku ayi, ndikunena kanotibuku ndi cholembera. Samuel Pepys, wogwira ntchito m'boma ku London, analemba za tsiku ndi tsiku kuyambira 1660 mpaka 1669, m'kalembedwe kachidule koti ambiri sakanatha kuwerenga, ndipo anasiya poopa kuti maso ake akufa. Zolemba zakezo zinasindikizidwa koyamba mu 1825, patapita zaka zoposa 100 iye atamwalira. Anaona mliri wa 1665, anaona moto waukulu umene unapsereza London mu 1666, ndipo mabuku a mbiri yakale angakuuzeni nyumba zingati zinapsa. Koma Pepys ndi amene amakuuza kuti nkhunda zinkakana kuchoka pa nyumba zawo mpaka mapiko kupsa n'kugwa, kuti iye anakumba dzenje m'munda n'kukwiriramo zinthu zake zina kuopa moto. Ndipo masiku ambiri m'zolembazo mulibe moto kapena mliri, muli kukangana ndi mkazi wake, kugula chovala chatsopano, kudandaula za ndalama, kugona mochedwa. Munthuyo sanali woyera mtima, zina zimene analemba za khalidwe lake kwa akazi ndi antchito ake ndi zonyansa ndithu, koma chifukwa analemba zonse osasankha zokongola zokha, zaka zimenezo timazimva kununkhira kwake.

Kulemba kotereku kuli ndi kachinsinsi kamodzi kamene ndinakaona pobwerera ku manotibuku anga akale. Masamba amene ndinalemba kuti lero ndakhumudwa kwambiri, moyo ndi wovuta, kapena lero linali tsiku labwino, lero sandiuza kanthu, sindikumbuka n'komwe chimene chinandikhumudwitsa. Koma pali tsamba lina pamene ndinangolemba kuti mwana wa mlongo wanga wandifunsa ngati mthunzi wake umamva kuwawa akauponda, ndipo atafunsa anayenda monyang'ama mpaka pakhomo. Ndikawerenga pamenepo zonse zimabwera, kutalika kwake nthawi imeneyo, malaya amene anavala, dzuwa mmene linalili. Panopa ndi wamkulu, za mthunzi sakuzikumbuka, ndipo ndikanapanda kulemba bwenzi funso limenelo kulibe paliponse padziko. Ndiye ndimayesetsa kulemba zimene ndaona ndi zimene ndamva ndi makutu, mawu ake enieni a munthu mmene anawanenera, osawakonza galamala. Zamumtima zimabwera zokha pambuyo, zimakhala zitabisala m'zinthuzo.

Mabuku abwino amaphunzitsa zomwezi. Ndikamaliza buku, patapita chaka nkhani yake yambiri imakhala itauluka, ndani anakwatira ndani, ndani anapha ndani, koma kamakhala katsalira kanthu kamodzi kakang'ono, munthu wina amene ankapukuta magalasi ake ndi kumunsi kwa malaya asanayankhe funso lovuta, kapena mayi amene ankawerenga masitepe nthawi zonse akamakwera. Wolemba amene amaona zotere ndimamukhulupirira pa zina zonse. Amene amangondiuza kuti mkaziyo anali wokongola kwambiri ndipo mwamunayo anali wolemera kwambiri ndimadziwa kuti sanawayang'ane anthu akewo. Ndimakondanso mabuku oti anadutsa m'manja mwa ena, muli mizere yodulidwa kunsi ndi bolopeni, pena tsamba lopindidwa pakona, pena kapepala koiwalika pakati. Umapeza wina anadula mzere pa chiganizo chimene iwe ukanangochidutsa, ndiye umabwerera kuchiwerenganso kuti kodi ameneyu anaonapo chiyani apa. Anthu ena amakwiya ndi zolemba m'mabuku, ine ayi, bola likhale lako osati la laibulale.

Chinthu chomaliza ndi chosungira. Chithunzi cha mayi anga chija chapulumuka zaka zonsezi chifukwa ndi pepala, linangokhala m'bokosi, silinafune pasiwedi kapena batire. Za m'foni zili pangozi kuposa mmene timaganizira, foni imagwa m'madzi, imabedwa, memori khadi imangodzuka tsiku lina yakana kutseguka, akaunti imatsekeka nambala ikasintha, ndipo chakudza sichiyimba ng'oma. Ngakhale zitapanda kutayika, ndani adzakhale pansi kufufuza zithunzi masauzande kuti apeze zisanu zofunika? Ndiye chaka chikamatha ndimasankha zochepa n'kukazitsukitsa, ndipo posankhapo ndimaonetsetsa kuti theka likhale la masiku wamba, chipinda chosakonza, munthu akuchapa, wina atagona pampando buku lili pachifuwa. Chilichonse ndimachipatsa nambala kumbuyo pakona, kenako m'notibuku ndimalemba nambalayo, chaka, malo, ndi mayina onse a anthu amene alimo, mayina athunthu osati kungoti ine ndi anzanga, chifukwa wodzachipeza sadzawadziwa anzangawo. Osalemba zambiri kumbuyo kwa chithunzi ndi bolopeni, inki imadinda chinzake mukazisanjikiza ndipo kukanikiza kumaonekera kutsogolo. Zithunzi zakale zimene zili m'bokosi ndayamba kupita nazo kwa akuluakulu amene alipobe, chimodzichimodzi, foni ndikuitchera kuti ijambule mawu, ndipo sindifunsa za anthu oima kutsogolo okha, ndimaloza ndi chala kumbuyo kuti nanga mpando uwu unapita kuti, nanga uyu wasuzumira pawindoyu ndi ndani.